Pampu Yafa, Kapena ndi Waya? Kukonza Mawaya a Pampu ya M'thanki

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE)

WOWULUTSA: Moni amakaniko a ku Ndirande ndi ku Biwi, moni achimwene ndi achemwali amene mukuphunzira ntchito m'magalaja ndi m'makoleji a ntchito zamanja, madalaivala a Sienta amene mwaima pasiteji kudikira kuti galimoto idzaze, komanso inu amayi ndi abambo eni magalimoto. Lero tikamba za pampu ya petulo imene imakhala m'kati mwa thanki, makamaka mawaya ndi mapulagi amene amaipatsa moto.

Galimoto ikazima panjira, makaniko n'kupeza kuti petulo sakufika ku injini, mawu oyamba kutuluka amakhala akuti "pampu yafa, bwana". Mwini galimoto athamange kukagula ina. Aika, galimoto yalira, aliyense wamwetulira. Pakapita masabata angapo, vuto lomwe lija labwerera, ndipo mlandu umagwera wogulitsa masipeya. Nthawi zina amakhaladi wolakwa. Koma pali mapampu amene amatayidwa ali amoyo. Chimene chinachitika n'choti pozula pulagi ndi kuibwezera, mapini amene anali atatopa anagwiranako pang'ono, galimoto n'kulira, ife n'kumaganiza kuti pampu yatsopano ija ndiyo yachiritsa. Ndalama yapita, matenda atsala pomwepo.

Tiyambe taona chimene chili pansi pa mpando wakumbuyo. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri ochokera ku Japan ali ndi kachitseko pansi pa mpando, ndipo mukakatsegula mumaona mutu wa pampu: chivindikiro chozungulira, paipi ya petulo, ndi pulagi ya mapini anayi kapena asanu. Mawaya awiri onenepa ndi a pampu, wina wobweretsa moto, wina wa earth. Oonda aja ndi a geji, amene amauza singano kuchuluka kwa petulo. Mapini amenewa amaboola chivindikiro n'kutulukira kunsi, ndipo kunsiko kuli kapulagi kena ndi timawaya tifupitifupi topita pa pampu yeniyeniyo. Timawaya timeneti timakhala tomira m'petulo kapena m'nthunzi yake usiku ndi usana kwa moyo wonse wa galimoto. Honda Fit ndi yosiyana, thanki yake ili pansi pa mipando yakutsogolo, ndipo pa mapikapu ambiri pamafunika kutsitsa thanki yonse. Inu a Toyota Aqua, dziwani kuti pansi pa mpando wakumbuyo pali batire lalikulu la hybrid. Mawaya a mtundu wa olenji musawakhudze.

Wina afunsa kuti moto wa magetsi ukhala bwanji m'petulo galimoto osaphulika. Petulo wamadzi sindiye amayaka. Chimene chimayaka ndi nthunzi yake ikasakanikirana ndi mpweya pa mlingo wake, kuyambira pafupifupi gawo 1.4 kufika magawo 7.6 pa 100 aliwonse. M'thanki yotseka nthunzi imachuluka kupitirira pamenepo, moto n'kusowa mpweya woyakira. Mukangotsegula, mpweya walowa, ndipo pakamwa pa thanki pomwe mwaikapo nkhope yanupo ndi pamene mlingo woopsa uja umakwanira. Nthunziyi ndi yolemera kuposa mpweya, imakwawa pansi, ikhoza kukapeza mbaula ya mayi wowotcha chimanga kuseri kwa galaja. Thanki imene yatsala pang'ono kuuma ndiyo yoopsa kwambiri kuposa yodzaza. Gwiritsitsani mfundo imeneyi, chifukwa zonse zimene tinene kutsogoloku zatsamira pamenepa.

Nanga pulagi imapsa bwanji? Pampu ya galimoto yaing'ono imakoka moto wapakati pa ma amp 4 ndi 8, ndipo imaukoka mosapuma injini ikamalira. Pini ikamasuka kapena ikachita dzimbiri, moto umadutsa movutikira, ndipo pamene moto wavutikira pamatentha. Tiwerengere limodzi. Pampu ikukoka ma amp 6, pini yomasuka ikukaniza ndi theka la ohm basi. Pamenepo patayika ma volt 3, ndipo kutentha kwake ndi ma watt 18. Babu la indiketa ndi la ma watt 21, ndipo mukudziwa kuti likayaka kwa kanthawi simungaligwire ndi chala. Kutentha kofanana ndi kumeneko kwaunjikana pa kapini kamodzi kozunguliridwa ndi pulasitiki. Chitsulo chikatentha chimataya mphamvu yake yofinya, pini imamasukiratu, kutentha kumaonjezeka, pulasitiki n'kuyamba kuda ndi kusungunuka. Uku pampu, m'malo molandira ma volt 14, ikulandira 11, ikuzungulira mofooka, ndipo mphamvu yokankhira petulo, imene pa injini zambiri zotere imakhala cha m'ma bar 3, yatsika.

N'chifukwa chake galimoto ya vuto limeneli imanyenga. M'mawa kukuzizira imalira bwinobwino. Ikayenda ulendo wautali imayamba kujejemera, pa chitunda ngati cha Chiweta kapena Khwekhwelere imataya mphamvu, mwina kuzimiratu. Mukaisiya theka la ola, yalira. Ena amati akamenya pansi pa thanki kapena kudumphira pa mpando imadzuka. Singano ya geji ikhoza kumadumphadumpha. Ndipo ngati m'galimoto mukumveka fungo la petulo mukangothira wambiri, mwina pulasitiki yozungulira pini yasungunuka mpaka kusiya mpata. Imeneyo isanyamulenso anthu mpaka itaonedwa.

Vutoli si la kuno kokha. Ku America, pa magalimoto ena a General Motors, pulagi imeneyi inkapsa kawirikawiri moti opanga masipeya anayamba kugulitsa pampu pamodzi ndi pulagi yatsopano yolimbirapo. Koma kwathu kuno tili ndi zoonjezera. Mafuta akasowa timagula a m'zigubu, ndipo a m'zigubu amabwera ndi zinyalala ndi madzi. Sefa ikatsekeka pampu imavutika, ndipo pampu yovutika kapena yokalamba ikhoza kukoka moto wopitirira umene pulagi inapangidwira. Timayendanso ndi petulo wa malita awiri atatu tsiku ndi tsiku, pamene petuloyo ndiye amaziziritsa pampu. Chinanso, kuyambira mu 1982 pamene ETHCO inayamba kupanga ethanol ku Dwangwa, petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo mu 2004 PressCane ya ku Chikwawa inayambanso kupanga. Mlingo wake umatha kufika magawo 20 pa 100. Ethanol amatithandiza kuchepetsa mafuta ogula kunja, koma amamwa madzi, ndipo amafewetsa mitundu ina ya labala ndi pulasitiki. Chilichonse chimene mungaike m'thanki ya kuno chiyenera kupirira petulo ndi ethanol yemwe.

(KANYIMBO)

WOWULUTSA: Tabwereranso omvera, tikukamba za mawaya a pampu ya m'thanki. Tsopano tigwire ntchito, ndipo ntchito imayamba thanki ili yotseka.

Onani fyuzi ndi relay kaye. Fyuzi ikapsa, ikaninso ya nambala yomweyo, ndipo ikapsanso ndiye kuti mwina pali waya amene akukhudza bodi penapake. Kumanga fyuzi ndi kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu n'kulola kuti m'malo mwa fyuzi apse waya amene akuthera pamwamba pa thanki.

Ambiri tinazolowera kutembenuza kiyi n'kumvetsera ngati pampu ilira kwa masekondi awiri. Pa magalimoto ambiri zimaterodi. Koma ma Toyota ambiri sapatsa pampu moto mpaka injini itayamba kuzungulira, choncho kungokhala chete kwa pampu kiyi ali pa ON si umboni woti yafa. Relay yake mumaipeza yolembedwa C/OPN. Pa ma Corolla akale a m'ma 1990 muli kabokosi pansi pa boneti kolembedwa DIAGNOSIS, ndipo mukalumikiza FP ndi +B kiyi ali pa ON, pampu imayenda, inu n'kuyeza mosathamanga.

Poyezapo ndi pamene amakaniko abwinobwino amapusitsika. Munthu azula pulagi, aika mita yoyezera magetsi, iwerenga ma volt 12, iye n'kugamula kuti moto ukufika, pampu ndiyo yafa. Mita sikoka moto. Ngakhale waya ataduka n'kutsala ndi kaulusi kamodzi ka mkuwa, mita iwerengabe 12. Yezani pulagi ili pamalo pake, pampu ikuyenda, mwalowetsa mapini a mita kumbuyo kwa pulagi. Yerekezani ndi zimene batire likuwerenga nthawi yomweyo. Kusiyana kwake kusapitirire pafupifupi theka la volt. Yezani mbali ya moto payokha, kuchokera pa mutu wa batire kufika pa pulagi, kenako mbali ya earth payokha, kuti mudziwe kumene moto ukutayikira. Kawirikawiri mupeza kuti ndi bawuti ya earth imene yachita dzimbiri pa bodi, ntchito ya sandipepala ndi sipanala basi. Ngati pampu sikuyenda n'komwe, lumikizani babu la hedilaiti la ma watt 55 pa mawaya awiri onenepa aja. Limakoka moto woyandikana ndi wa pampu. Likawala mofooka, vuto lili m'mawaya. Chitani zimenezi pokhapokha pamalopo pali pouma, popanda fungo la petulo. Dziwaninso kuti magalimoto ena ali ndi kabokosi kamene kamachepetsa dala moto wa pampu injini ikamayenda pang'onopang'ono, choncho dziwani kaye galimoto imene mwaigwirayo.

Kenako zulani pulagi muiyang'ane pa kuwala. Pulasitiki yofiirira kapena yakuda pa pini imodzi, dzimbiri lobiriwira, fungo la chinthu chopserera, zonsezi zikuuzani nkhani. Tengani pini yaimuna yofanana nayo muilowetse m'bowo lililonse. Iyenera kugwira polowa ndi potuluka. Ikangolowa lobodo, pini yaikaziyo yatha ntchito. Kuifinya ndi singano kungakufikitseni kunyumba, koma chitsulo chimene chinapsapo kale sichibwereranso mphamvu.

Kukonza kwa kunja kwa thanki n'kosavuta. Chotsani kaye waya wa negativu pa batire. Pezani pulagi yofanana, yatsopano kapena ya pa galimoto yophwasula, yokhala ndi mawaya ake otalikirapo. Dulani waya wakale mpaka mufike pamene mkuwa ukuwala, chifukwa mkuwa wakuda sugwira bwino. Waya wolumikizayo asachepe kunenepa poyerekeza ndi wakale. Lumikizani ndi timachubu tachitsulo tofinya, mufinye ndi chopanira chake chenicheni, kenako mukoke ndi dzanja kuti muone ngati zagwira. Mfundo ziwiri zisakhale malo amodzi. Ina ikhale kutsogolo, ina kumbuyo, kuti chokutira chikadzatha zisadzakhudzane. Kupotokola mawaya ndi zala n'kukulunga tepi kumabweretsa kutentha komwe kuja, kungoti kwasamukira pa mfundo. Ndipo ngati mapini a pa chivindikiro nawo apsa, mbali zonse ziwiri zimasinthidwa limodzi. Pulagi yatsopano pa pini yopserera ipsanso.

Tsopano ngati moto ukufika bwino pa chivindikiro koma pampu ikuvutabe, kapena mapini a pa chivindikirowo apsa, tiyenera kutsegula. Galimoto ikhale panja, zitseko zonse zotsegula. Pafupi pasakhale wosuta, wowotcherera, wogaya zitsulo, kapena nyale ya babu lotentha. Chozimira moto kapena ndowa ya mchenga ikhale pomwe dzanja lifikira. Madzi amangomwaza moto wa petulo. Chotsani mphamvu ya m'paipi: zulani pulagi ya pampu, lizani injini mpaka izime yokha, mukatero chotsani negativu pa batire. Pukutani fumbi lonse pa chivindikiro musanamasule, chifukwa lonselo ligwera m'kati. Mkombero womangira chivindikiro usagogodedwe ndi chizulo ndi hamala. Chitsulo pa chitsulo chimathetheka. Gwiritsani chida chake, kapena kamtengo kolimba. Potulutsa, pendeketsani pang'onopang'ono kuti kamkono ka choyandama cha geji kasapindike, vindikirani pakamwa pa thanki ndi nsalu yoyera, ndipo pampuyo mupite nayo kutali, iume kaye.

Ndikupempheni chinthu chimodzi apa, achimwene. Musayese pampu pogunditsa mawaya pa batire muli pambali pa thanki yotsegula, pampu ikudontha petulo. Kuthetheka kumene kumachitika waya akamakhudza batire n'kokwana kuyatsa nthunzi. Komanso pampu siyenera kuyenda youma kupitirira kamphindi.

Za m'kati mwa thanki ndiye pamene pagona nkhani yathu. Zinthu zimene timadalira pa ntchito ya magetsi, pafupifupi zonse sizikhalitsa m'petulo. Guluu wa tepi yakuda amasungunuka, tepi n'kumasuka, kukamatirira pa sefa, waya n'kutsala pamtunda. Waya wamba wa chokutira cha PVC amauma gwa n'kung'aluka. Kachubu kofinyika ndi moto kamene timagula wamba kamafufuma n'kuvuka. Silikoni amafewa n'kusanduka phala lotseka sefa. Mawaya amene opanga anaika m'katimo ali ndi chokutira chapadera, cha mtundu wa PTFE, imene ambiri amaidziwa ndi dzina loti Teflon, kapena china cha banja lomwelo. Choncho njira yabwino koposa ndi kusintha kachingwe konse, kuchokera pa chivindikiro kufika pa pampu, popanda mfundo pakati. Mapampu ena atsopano amabwera nako m'bokosi. Mukakasowa, pitani kwa ophwasula magalimoto mukatenge ka m'thanki ina, chifukwa mawaya amenewo anapangidwira kukhala m'petulo. Asankheni ofewa bwino, osang'aluka, mapini ake owala.

Pochotsa pini m'kapulagi pamafunika mtima wofatsa. Muli kakhutu kakang'ono kamene kamaigwira, mumakakankha ndi kachitsulo kopyapyala, pini n'kutuluka yokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukakoka mwamphamvu mwathyola kapulagi kamene simukapeza msanga.

Zikavutitsitsa moti mfundo siingapeweke, ikhale yofinya ndi kachubu kachitsulo, pa waya woyenera m'petulo, yotetezedwa ndi chokutira chimene chinalembedwa kuti chimapirira mafuta, ndipo imangidwe moti singagwedezeke kukakhudza chitsulo kapena waya mnzake. Ine sindilimbikitsa kuwotcherera ndi mtovu pamenepa. Mtovu umayenda m'kati mwa waya n'kumuumitsa, ndiye pampu imanjenjemera tsiku lonse, misewu yathu mukuidziwa, waya amadzathyokera pomwe mtovu wathera. Onetsetsani chizindikiro cha + ndi cha − pa pampu. Mukasemphanitsa, izungulira chobwerera, imveka kulira koma petulo osakwera. Mawaya adutse kutali ndi kamkono ka choyandama, apo ayi geji idzanama. Kapaipi ka m'kati nakonso n'kapadera: kalabala koyenera kumira kamalembedwa SAE 30R10. Paipi wamba ya petulo inapangidwa kupirira mafuta m'kati mokha, kunja kwake kumafufuma ikamizidwa.

Chivindikiro chimene chasungunuka pozungulira pini chisinthidwe. Ndikudziwa kuti n'chodula, ndipo ndikudziwa kuti pali amisiri a manja abwino amene amaboola n'kudutsa waya, n'kumata ndi guluu wosakaniza uja. Pamenepo ndi pamalire pa nthunzi ya petulo ndi mpando umene pamakhala ana. Guluu akadzasiya, mudzadziwa mochedwa. Chivindikiro cha pa galimoto yophwasula, chosapsa, n'chabwino kuposa chomata.

Musanatseke, funsani chimene chinapsereza pulagiyo. Sinthani sefa. Unikani m'thanki ndi tochi yotsekeka bwino, ndipo ngati pansi pali matope kapena madzi, thanki itsukidwe. Labala ya pakamwa pa thanki ikhale yatsopano ngati yakaleyo yafufuma kapena yauma. Mukamanga zonse, bwezerani batire, lizani galimoto, yang'anani ngati pali podontha, kenako yezani ma amp amene pampu ikukoka. Ikamakoka opitirira kwambiri a mtundu wake, pamenepo ndiye mukhoza kunena kuti pampu yatopa, ndipo muli ndi umboni. Galimoto ikayenda kanthawi, gwirani pulagi ndi chala. Isatenthe. Mpando muubwezere pomaliza.

(KANYIMBO)

WOWULUTSA: Nthawi yatsala pang'ono, koma pali chizolowezi china chimene sindingachisiye. Moto ukasowa pa pampu, ena amakoka waya kuchokera pa batire kapena pa switchi ya kiyi kupita pa pampu mwachindunji, amati kudayirekita. Galimoto imaliradi. Koma opanga anadutsitsa moto wa pampu pa relay yolamulidwa ndi kompyuta ya injini ndi cholinga. Injini ikazima, kompyuta imazimitsa pampu. Ma Toyota ambiri amaidulanso ma airbag akaphulika, ndipo ma Ford ambiri ali ndi switchi imene imadula moto galimoto ikagunda. Pa galimoto yodayirekita chitetezo chimenechi palibe. Ikachita ngozi paipi n'kuduka, dalaivala wakomoka, kiyi akadali pa ON, pampu ipitiriza kupopera petulo pa injini yotentha mpaka thanki iume kapena moto ubuke, anthu ali m'katimo. Ngati waya wakale wawonongeka moti n'kofunika kukoka watsopano, kokani, koma akhale ndi fyuzi pafupi ndi batire, ndipo adutse pa relay imene ikulamulidwa ndi waya wakale uja wochokera ku kompyuta.

Inu eni magalimoto, makaniko akakuuzani kuti pampu yafa, mufunseni mwaulemu kuti, "Amisiri, pa pulagi pakufika ma volt angati pampu ikamayenda?" Mupempheni akuonetseni pulagiyo ndi maso anu musanatulutse ndalama. Ndipo inu a Sienta ndi minibasi amene mukudziwa kuti galimoto yanu ikuyendera waya wodayirekita, kapena kuti m'thanki mwanu muli tepi, chonde pitani nayo kugalaja sabata ino akaikonze moyenera.

(NYIMBO YOTSEKERA)